Kabuku ka Hoyt Ledbetter

Hoyt Ledbetter anatha zaka makumi awiri akuzungulira matauni a kum'mwera kwa Georgia ku America, kusakira timu ya besibo ya pakoleji pawo anyamata a kusekondale. Besibo ndi masewero amene wina amaponya kampira, wina n'kukamenya ndi chibonga. Galimoto yake inkanunkha mtedza wowiritsa ndi masokosi. Nzeru anali nayo imodzi, ndipo ankainyadira: mnyamata amene ukumufuna usamuyang'ane, chifukwa osaka anzako amaonerera maso ako, osati masewero.

Chaka china kochi wamkulu sanapite m'mbali. "Madala, mutibweretsere woponya wamanzere, apo ayi mukapume, muzikawedza nsomba."

Hoyt anamupeza: Wade Tillery, wowonda ngati mpini wa tsache, koma mpira wake unkachita kulira. Vuto linali Royce, wosaka wa koleji ina, yemwe ankangomutsata Hoyt paliponse. Ndiye Hoyt anatchera msampha. Wade akamaponya, iye ankatembenuka n'kumayasamula. Koma akangodzuka Dwayne Culpepper, wamanzere wokhalira pabenchi, amene mpira wake unkayenda ngati ukuperekeza maliro, Hoyt ankatulutsa kamakina koyezera liwiro, n'kumalemba m'kabuku uku akugwedeza mutu.

"Mukuonapo chiyani pamenepa, achimwene?" anafunsa Royce.

"Zanga zisiye, iwe."

Msamphawo unakola mwini wake. Tsiku lomwe Hoyt anagogoda kwa a Tillery, mayi ake a Wade sanamupatse ndi mpando womwe. "Wasaina kwa a Royce dzulo. Paja inu mumamuyasamulira mwana wanga."

Asanalowe n'komwe m'galimoto, mayi Culpepper anamukodola ali pakhonde pawo. Nkhuku anali atakazinga kale, poti tauni yonse inkadziwa kuti Dwayne akufunidwa. Hoyt anadya, anawonjezera, ndipo manyazi anamutulutsira fomu m'chikwama.

Kochi ataona kaponyedwe ka Dwayne anagwira pakamwa. "Ndinati wamanzere, sindinati wodwala. Mwamutola nokha, mumuphunzitsa nokha. Akalephera, mupitira limodzi."

Mantha ndi mphunzitsi wabwino. M'mawa uliwonse Hoyt ankagwada, mawondo ake akulira, kuwakha mipira ya Dwayne. Liwiro silinabwere, koma mpirawo unaphunzira kukhota. Omenya ankaudikira mpaka kutopa, n'kumenya mphepo. Pamasewero ake oyamba Dwayne anapambana, ntchito ya Hoyt n'kupulumuka.

Atatuluka m'bwalo, Dwayne anamupeza pagalimoto, misozi ikulengeza.

"Bambo, chaka chija ndinkafuna kusiya. Palibe anandiyang'anapo koma inu. Kodi m'kabuku muja munkalemba chiyani?"

Kabukuko kanali pampando, pansi pa makoko a mtedza. M'masamba onse a Dwayne munali zithunzi za nsomba, zojambulidwa ndi munthu wosowa chochita. Hoyt anamva chisoni chomwe sanamvepo chiyambire ntchito. Anakakhalira kabukuko.

"Ndinkalemba zomwe wachita lerozi, mwana wanga."

Kuchokera tsikulo, mnyamata amene akumufuna, Hoyt amamuyang'ana.