Tsiku Limene Nasopo Anachapa Chitoliro

Mumsewu wonsewo palibe amene ankawaitana ndi dzina la pachitupa. Onse ankangoti Nasopo. Mayi amenewa anagwira ntchito zaka makumi awiri kochapira zovala kuchipatala, ndipo eni ake atapuma, manja anakana kupuma. Mlendo akamapereka moni, iwo maso ali pakolala. Apakamwa ankati ngakhale mphaka wa pakhomopo ankadutsa mothamanga poopa beseni.

M'nyumba monsemo chinapulumuka chinthu chimodzi chokha: bokosi la amuna awo. Munali klarineti, chitoliro chakuda bii cha tizitsulo tonyezimira, chimene bambowo ankaimba m'bandi ya pamaukwati. Chikwatiranecho lamulo linali limodzi: "Chapani zonse, ngakhale ineyo, koma bokosi ili ayi."

Kenako bambo anagonekedwa m'chipatala ndi chifuwa. Nasopo anaganiza paokha: zaka zonsezi munthu akuuzira mpweya ndi malovu m'chinthu chosalawa madzi, matenda alekerenji? Lachitatu m'mawa anatereka ketulo. Mbali yapakamwa anaiviika m'madzi obwata, thunthu lake analipukuta ndi nsalu yotentha, nkuyanika zonse pawindo, dzuwa likuswa mtengo.

Pobwera kozonda matenda anapeza chitoliro chasanduka. Chinali chobiriwira ngati madzi a m'ngalande, chapakamwacho chikununkha dzira lovunda. Ndipo adokotala anali atanena kuti bambo atuluka Lachisanu.

Anayesa sopo, osatheka. Anatsegula polishi wa nsapato, nkumutsekanso. Kutacha anakulunga bokosi m'nsalu, ulendo kwa wokonza zoimbira, mkulu wina wamagalasi ochindikala, kuseri kwa shopu ya matayala.

Mkuluyo ananunkhiza kaye. "Mayi, mwachiphika?"

"Ndinangochichapa."

"Ichi si mtengo, ndi mphira wouma. Adani ake ndi awiri, madzi otentha ndi dzuwa. Inu mwawaitana tsiku limodzi."

"Ndiye chafa?"

Anakweza chapakamwacho nkuchisuzumira ndi diso limodzi. "Kutentha kumatha kupinda apa pogona kabango kolizira. Kwa ine pakuoneka powongoka, koma wodziwa bwino ndi mlomo wa mwiniwake."

"Nanga mtunduwu? Akutuluka mawa."

"Ndikhoza kuchipukuta ndi mankhwala chikadeko, koma ndi ntchito ya sabata. Polishi amene ndikumuona m'thumbamo mumusiye, mukufuna bambo akaimbe ukwati ndi milomo yakuda? Chinthu ichi sichifuna zambiri. Madzi ozizira, kasopo pang'ono, chapakamwa chokha. Akatha kuimba apukute mkati ndi kansalu, abweze m'bokosi, bokosilo pamthunzi."

Nasopo anabwerera nacho momwe anapitira nacho.

Lachisanu masana bambo anafika ataonda, jekete likuwakhwepa. Anamwa tiyi theka, maso ali pamwamba pa kabati.

"Mayi, tanditsitsirani bokosi langa."

"Bwanji mupume kaye, bambo? Adokotala anati..."

"Adokotala sananene za bokosi."

Analitsitsa. Analinyamula ndi manja awiri ngati mbale yodzaza. "Bambo, musanatsegule..." Koma anali atatsegula kale.

M'nyumba munangoti zii. Mayi oyandikana nawo, amene mpaka lero amalumbira kuti anangobwera kudzapempha mchere, akuti anamva wotchi yapakhoma ali panja. Bambo anatulutsa zidutswa chimodzichimodzi. Ananunkhiza chapakamwa. Analumikiza zonse mosafulumira, ananyowetsa kabango ndi lilime, anamangirira, nkuuzira.

Chinalira ngati chitseko cha dzimbiri. Nasopo anakhala pansi pomwepo.

Bambo anauziranso. Liwu linatuluka lalifupi, likunjenjemera, nkuthera m'chifuwa. Bambo anatsokomola nthawi yaitali, anamwa tiyi wotsala uja, anawongola msana.

Kachitatu linatuluka liwu lakuya, lonenepa, lomwe lija anthu amalidziwa pamaukwati. Analikoka mpaka mpweya unawathera.

"Awiri oyambawo ndi chifuwa changa," anatero, "osati ketulo yanu."

"Za ketulo wakuuzani ndani?"

"Ndakhala nanu zaka zingati, mayi?" Anachitembenuza pakuwala. "Ine ndadwala ndaonda, ichi chadwala chachezuka. Tiimbabe. Anzanga akafunsa ndiwauza kuti ndi mtundu watsopano."

Kenako anasolola m'bokosi kansalu kopukutira mkati, kakuda ndi litsiro la zaka. Nasopo anakayang'ana, anameza malovu, nkupinda manja kumbuyo.