Kupalasira Chidindo ku Milange

Titabwerera kwathu ku Majaua kuchokera ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi, tinapeza sukulu ya m'mudzi mwathu itatsala zipupa zokha. Malata anali atasasulidwa kalekale, ndipo pakati pa chipinda chimene ine ndinaphunziriramo kuwerenga panali patamera mtengo wa papaya. Ku kampu kuja ndinkaphunzitsa ana a makalasi oyambirira, ndipo ndinabwerako ndi kapepala kochitira umboni za ntchitoyo. Makolo atamva zimenezi anandipempha kuti ndizisonkhanitsa ana pansi pa mtengo wa mango. Ndinavomera. Tinkalemba pa dothi ndi timitengo, ine ndikulemba ndi khala pa chitseko chakale chimene tinatola m'mabwinja.

Patapita miyezi ingapo kunamveka uthenga wakuti sukulu iliyonse yofuna mabuku, choko ndi mphunzitsi wa boma ikalembetse ku ofesi ya maphunziro ku Milange. Pankafunika mndandanda wa mayina a ana, ndipo pa mndandandawo adindepo chidindo, chimene kuno timati karimbu. Makolo onse anayang'ana ine.

Galimoto nthawi imeneyo sizinkafika kwathu. Milatho inali yothyoka, ndipo msewu wakale aliyense ankauopa chifukwa cha mabomba okwirira. Njinga ndinali nayo, yakuda, ya kaliyala wolimba, imene ndinabwera nayo kuchokera ku Malawi. Chimene sindinkadziwa ndi njira. Amene ankaidziwa anali alamu anga, amuna a chemwali wanga wamkulu. Iwo sanathawe nkhondo. Zaka zonsezo anakhala m'tchire momwemo, kusamuka uku ndi uku, ndipo anatulukamo ali munthu wosakonda kuyankhula. Njinga yawo inalibe mabuleki, mapedulo anatsala zitsulo zokha, ndipo akafuna kuima ankaponda tayala lakutsogolo ndi chidendene.

Tinanyamuka m'mamawa mame asanakamuke. Tisanatuluke m'mudzi, alamu anaima nandiuza lamulo limodzi.

"Tayala lanu lizidutsa pomwe ladutsa langa. Mukafuna kutaya madzi, tayani muli panjira pomwepo. Musapatuke."

Njirayo inali kanjira ka mapazi, kokhotakhota ngati koyenda munthu woledzera. Udzu unkatimenya kumaso, zitsa zinkagunda mapedulo, ndipo pena tinkakankha njinga nthawi yaitali kuposa yopalasa. Chimene chinkandiwawa kwambiri chinali chakuti ndinkaona ndi maso anga kuti tikuzungulira. Dzuwa limene linali kudzanja lamanja linkapezeka kumsana, kenaka kumanzere. Milange ndinkadziwa kumene ali, koma ife tinkapita kwina.

Chakumasana tinadutsa pamene kanjirako kamadula msewu wakale. Ndinaima. Msewuwo unali wotakata, wowongoka, wolunjika kumene tinkapita. Unali utamera udzu waufupi basi.

"Alamu, bwanji tingotsata uwu? Nkhondo inatha."

"Mwaonapo mapazi a munthu?"

"Ayi."

"Ndowe ya mbuzi?"

Ndinayang'ana. Panalibe.

"Inu pamene munkalandira ufa ku Malawi, ife tinkatola anthu pa msewu umenewu," anatero, nakwera njinga yawo.

Mawuwo anandilasa. Ndinkafuna kuwauza kuti ku kampu kunalibe mtendere umene iwo ankaganiza, kuti ndinaika mwana wanga woyamba m'manda a eni ake. Koma munthu wokutsogolera njira sukangana naye. Ndinkangoyang'ana tayala lawo lakumbuyo.

Tinawoloka mitsinje iwiri njinga zili pa phewa. Pa wachiwiri ndinakhudza chitedze, ndipo ndinapalasa mtunda wautali ndi dzanja limodzi, linalo likukanda khosi. Kenaka minga inabaya tayala langa lakumbuyo. Guluu amene ndinatenga anali atauma m'kachubu kake. Alamu anatulutsa chubu, natsina pobowokapo, namangapo ndi kamphira kolimba ngati akumanga kukamwa kwa thumba. Titapopa, tayalalo linagwira mpweya, koma linkadumpha pamfundopo nthawi iliyonse likazungulira. Ndinayenda choncho, kudu, kudu, kudu, mpaka msana unachita dzanzi. Tinagona kwa anthu ena owadziwa alamu, amene anatipatsa chinangwa chophika ndi nandolo.

Tsiku lachiwiri tinatulukira pa msewu waukulu wopita ku Milange. Ndinaganiza kuti mavuto atha, koma msewuwo unali ndi zakezake. Unali wa dothi, wa mizeremizere yogwedeza mano. Malole onyamula anthu obwerera kwawo ankadutsa atadzaza mitolo, mapoto ndi nkhuku, ndipo lililonse linkatisiya mu fumbi losaona ngakhale handulo. Lole likaliza hutala, mwachibadwa munthu umafuna kuthawira kutchire. Alamu anali atandichenjeza kuti m'mphepete mwa msewu ndi mmene muli zoopsa kuposa pakati. Choncho tinkangoima pa mzere wa dothi lopondedwa, maso titatsinzina, lole n'kudutsa pafupi mpaka mphepo yake kutikankha. Titayandikira phiri la Tumbine ndinaona minda ya tiyi imene ndinaisiya yodulidwa bwino itasanduka nkhalango, tiyi atatalika kuposa nyumba.

Ofesi ya maphunziro inali chipinda chimodzi m'nyumba yopanda magalasi. Munali mayi wina atakhala pa makina otayipira. Anatilonjera m'Chipwitikizi, ndipo ataona mmene tinalili, fumbi mpaka m'zikope, anasintha nayamba Chinyanja.

"A shefe, akulu a ofesi ino, kulibe, bambo. Anapita ku Quelimane."

"Nanga karimbu?"

"Anapita nayo."

"Abwera liti?"

"Mwina sabata yamawa. Mwina inayo."

Ndinapempha kuti ndisiye mndandandawo, adzadinde akabwera. Mayiwo anati pepala losadinda sangalandire, chifukwa likasowa mlandu udzakhala wawo. Ndinatuluka panja n'kukhala pa khonde. Alamu anapita ku msika kukafuna guluu ndi mchere, ndipo tinayamba ulendo wobwerera tsiku lomwelo.

Ulendo wachiwiri tinapita patatha masabata atatu. Njira inali yomweyo, minga yomweyo, ndipo nthawi iyi tcheni cha alamu chinaduka pa chikweza, tinachilumikiza ndi msomali. A shefe tinawapeza. Anali bambo wamtali, wooneka wotopa, wovala malaya otsukidwa bwino koma ong'ambika pa kolala. Anatenga pepala langa, naliyang'ana pang'ono, nalibweza.

Anati mayina ndawalemba m'kalembedwe ka ku Malawi. Anati mitu yonse ikhale m'Chipwitikizi, mapepala akhale awiri, mwana aliyense alembedwe chaka chimene anabadwa, ndipo pansi pake asayinire mkulu wa boma wa ku Majaua.

Ndinatembenukira kwa mayi wotayipa uja. "Mayi, bwanji simunandiuze ulendo woyamba uja?"

"Simunafunse, bambo. Munafunsa za karimbu."

Chidindocho chinali pa tebulo, pafupi ndi dzanja langa, kamtengo kakang'ono ka chogwirira chakuda. Ndinafotokoza za mitsinje, za masiku anayi a ulendo, za ana amene ndawasiya opanda wowaphunzitsa. A shefe anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anati nawonso akapereka pepala lolakwika kwa akuluakulu awo ku Quelimane amawabweza chimodzimodzi, ndipo njira yawo ndi yaitali kuposa yanga. Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa, ndikanapeza pokwiyira.

Kumudzi ntchito yofufuza zaka za ana inanditengera masabata awiri. Ambiri anabadwira m'njira kapena m'tchire. Mayi wina ankati, "Uyu anabadwa chaka chimene tinawoloka Ruo." Wina ankati, "Uyu ndi wa chaka cha chilala." Ena makolo awo anamwalira, ndipo owalera ankangoyerekeza ndi ana anzawo. Ndinkawaimika ana pamzere, kuwayang'ana mano, n'kulemba chaka chimene ndaganiza. Mpaka lero kwathu kuli anthu akuluakulu amene zaka zawo za pa chitupa zinachokera m'mutu mwanga. Kwa mkulu wa boma wa ku Majaua nako ndinapitako kawiri ndisanamupeze.

Pamene zonse zinkakwanira, mvula yoyamba inali itagwa. Alamu anati sangasiye kudzala.

"Njira mwaiona kanayi, kupita ndi kubwera. Pitani nokha."

Ndinakulunga mapepala mu pulasitiki, n'kuwamanga pamimba mkati mwa malaya. Tsiku loyamba m'mawa zonse zinayenda bwino. Koma mvula inali itasintha tchire. Udzu watsopano unabisa timphambano, ndipo pamalo pena pamene njira imagawikana ndinatenga ya kumanja, chifukwa inkaoneka yotakasuka. Ndinapalasa kanthawi ndithu ndisanazindikire kuti pansi palibe mkwasa wa tayala kapena phazi la munthu. Kutsogolo kwanga kunali chigoba cha galimoto yopsa, chitamera ziyangoyango. Ndinali pa nthambi ina ya msewu wakale uja.

Ndinatsika pang'onopang'ono, phazi n'kuponda pa mzere umene tayala langa linasiya. Kutembenuza njinga ndinaopa, chifukwa tayala likanaponda dothi latsopano. Ndinainyamula m'mwamba, n'kutembenuka nayo ndili pamalo amodzi, n'kuiika pa phewa. Ndinabwerera wapansi, phazi patsogolo pa linzake, maso ali pa kamzere kopyapyala ka tayala m'dothi lonyowa. Sindidziwa ngati pamenepo panalidi bomba. Mwina panalibe chilichonse. Koma nditafika pa mphambano paja malaya anali atanyowa ngati ndagwa mumtsinje, ndipo ndinakhala pansi nthawi yaitali ndikutukwana chidindo, a shefe, ndi ine ndemwe.

Mitsinje inali itakwera mpaka m'chiuno. Pa msewu waukulu fumbi linali litasanduka matope omata. Ankadzaza pakati pa tayala ndi madigadi mpaka njinga kukana kuyenda, ndipo ndinkaima pafupipafupi kutokosa ndi kamtengo. Potsiriza ndinamasula madigadi onse awiri n'kuwamangirira pa kaliyala. Ndinalowa m'Milange tsiku lachitatu, matope kuyambira ku mapazi mpaka m'tsitsi.

A shefe anawerenga mapepala onse awiri, dzina ndi dzina. Anapumira mpweya pa chidindo, chifukwa inki inali itatsala pang'ono kuuma, nadinda kawiri. Ntchito yonseyo sinatenge ngakhale nthawi yomwera kapu ya madzi. Ndiye ndinatulutsa kapepala kanga ka ku kampu, n'kufunsa za ine mwini.

Anakayang'ana mbali zonse ziwiri. "Aka ndi ka ku Malawi, bambo. Kuno sikagwira ntchito. Mphunzitsi tikutumizirani."

"Nanga ine amene ndakhala ndi anawo miyezi yonseyi?"

"Mwachita bwino kwambiri. Mukafuna, mudzalembetse maphunziro a uphunzitsi akadzatsegulira."

"Adzatsegulira liti?"

Anatambasula manja.

Anandipatsa bokosi limodzi la choko ndi mabuku ochepa oti ndinyamule. Ndinawakulunga mu pulasitiki muja, ndipo ndinafika nawo kumudzi osanyowa. Makolo anasangalala, ena mpaka kululutira. Alamu anabwera madzulo ake, nayang'ana chidindo cha pa pepala limene ndinabwerera nalo, nandifunsa ngati ndinasochera. Ndinawauza zoona. Anangogwedeza mutu n'kunena kuti mphambano imeneyo akaikapo chipika. Mawa lake anapitadi ndi nkhwangwa.

Mphunzitsi wa boma anafika mvula itatha. Anali wochokera cha ku Mocuba, munthu wofatsa, koma Chinyanja sankachidziwa ndipo Chilomwe ankangochimva pang'ono. Ana nawo Chipwitikizi sankachimva. Tsiku loyamba anayankhula kwa ola lathunthu, ana ali duu. Tsiku lachiwiri anabwera kunyumba kwanga kudzandipempha kuti ndizikhala naye m'kalasi, iye akanena ine ndizimasulira. Ndinamuuza kuti ndili ndi munda wa nyemba wofuna kupalira. Mkazi wanga anandiyang'ana, ndipo mphunzitsiyo anakhalabe pa mpando, chipewa chili m'manja, mpaka ndinachita manyazi.

Ndinamasulira zaka ziwiri, m'mawa kusukulu, masana kumunda. Dzina langa silinalembedwe pena paliponse. Maphunziro a uphunzitsi atatsegulira, anati ndapitirira zaka. Ndinasiya tsiku limene ana a kalasi yachitatu anayamba kuyankha mphunzitsi ine ndisanatsegule pakamwa. Ndinatuluka nthawi yopuma, n'kupita kunyumba kukatenga khasu. Kuyambira pamenepo ndakhala mlimi wa nyemba ndi chimanga, ndipo ndikamadutsa pa sukulupo pamakhala masiku ena amene ndimayang'ana kumbali.