Utsi wa m'balani

Chaka chimene chimfine chachikulu chinalowa m'mudzi mwathu, kufupi ndi Nsaru, ndinali ndi mwana mmodzi kumsana. Amuna anga anali mkamwini, anachoka kwawo ku Kabudula kudzakhala kwathu. Chimfinecho chinawagwetsa pamphasa, thupi lili moto, koma chinawasiya. Anayamba kumwa phala, kukhala pakhonde, kuseka ndi mwana. Ine ndinati basi, tapulumuka.

Pamene iwo ankadwala, fodya wathu m'balani anagwira chinyezi nayamba chuku. Atsibweni anga, eni mbumba, anadutsa m'mawa wina napeza amuna anga akuwotha dzuwa.

"Kodi akamwini, mwachira eti? Nanga fodya uja akuyembekeza ndani? Kapena kwanu ku Kabudula fodya amadzifukiza yekha?"

Analankhula moseka, koma mkamwini sasekedwa choncho ndi eni mudzi n'kukhalabe pansi. Amuna angawo ndinawaletsa. Ndinati, "Bambo a mwana, miyendo ikunjenjemera iyo, khalani." Anangoti, "Anene kuti munakwatiwa ndi mlesi?" Anatenga nkhuni nalowa m'balani. Tsiku ndi tsiku ankapukuta chuku pamasamba, kukoleza moto, kukhala mu utsi umene ngakhale munthu wamphamvu amatulukamo akulira misozi.

Kutentha thupi kunabwereranso, koma uku kunali kwina. Akamapuma ankagwira nthiti ngati wina akuwabaya. Makhololo anali achikasu, kenako ofiirira. M'kamwa munachita zoyera pa lilime ndi m'masaya, ngati zotsalira za mkaka, ndipo ndikapukuta ndi kansalu pankatuluka magazi. Phala lomwe linakana kutsika.

Akuluakulu anakhala pansi. Anati munthu amene wachira sadwalanso popanda chifukwa, uwu ndi mdulo, mkaziyu anathira mchere m'ndiwo asanayere. Mkaziyu ndine. Anandipanikiza ndi mafunso ochititsa manyazi, anakumba mizu, masiku n'kumapita. Za balani palibe anatchula. Mpaka lero ndikakumbukira, mtima umandiwira.

Alongo anga atatopa nazo anamanga ng'ombe pangolo, tinapita kuchipatala cha amishoni. Asisitere anamvetsera pachifuwa, anayang'ana m'kamwa. Anati ichi ndi chibayo. Chimfine chija chimasiya mapapo ali ofooka, tizilombo tina n'kupezerapo mpata, m'chifuwa ndi m'kamwa momwe. Anawabaya jakisoni, koma anandiuza poyera kuti tabwera mochedwa.

Anamwalira dzuwa likupendeka, dzanja langa lili pamphumi pawo. Ngolo yomweyo inawatengera kwawo ku Kabudula.

Pamaliro atsibweni anaimirira kulankhula m'malo mwa mudzi wathu. Anati tataya mkamwini wolimbikira, amene ngakhale akudwala sankalola kugona. Anthu anavomereza ndi mitu. Ine ndinali pansi pakati pa amayi, mwana ali pabere, ndipo mkazi wamasiye salankhula pamaliro.

Fodya uja anauma bwino, wakuda, wonunkhira. Amene anakagulitsa ndi atsibweni.