Chivindikiro cha Macheka a Bambo Zalazitatu

Inu amene mumalemba anzanu ntchito, khalani pansi kaye, nkhani iyi ndi yanu.

Tsiku limene bambo ena, akalipentala, ankatuluka m'chipatala, dzanja lawo lamanja linali litatsala ndi zala zitatu. Ziwirizo zinapita ndi macheka a magetsi kuntchito. Akuti abwana awo anali atachotsa chivindikiro cha machekawo, ati chimachedwetsa ntchito. Ndiye bambowo atabwerera kuntchito ndi bandeji, abwanawo anangoyang'ana dzanjalo.

"Pepani madala, koma ndi dzanja limeneli mundigwirira chiyani?"

Basi, ntchito inathera pomwepo.

Kunyumba ankangokhala pakhonde, phee. Ngakhale batani la malaya ankachita kumangiridwa. Anthu nawonso mukuwadziwa pakamwa, sanachedwe kuwapatsa dzina: a Zalazitatu.

Tsiku lina akazi awo anatopa nazo.

"Bambo a mwana, zala zapita, tamva. Nanga mutu nawonso unatsala m'macheka?"

Bambowo anaseka mpaka misozi. Mawa lake anatenga hamala ndi dzanja lamanzere. Eee, misomali inkapindika, timipando toyamba tinkagwedera ngati tili ndi malungo! Koma sanasiye. Timipando tinakhala matebulo, matebulo anabala kashedi kuseri kwa nyumba. Kenako anagula macheka a magetsi kwa munthu wina, n'kulemba amisiri angapo. Mmodzi anali mlamu wawo, mwamuna wa mchemwali wawo.

Pashedipo malamulo anali osasekera. Chivindikiro sichichoka pa macheka. Thabwa likamafika kumapeto umakankha ndi kamtengo, osati dzanja. Utuchi umachotsa utazimitsa makina.

Ndiye kunabwera munthu wina womanga nyumba za lendi, akufuna zitseko zambirimbiri, komanso mwachangu. Ntchito yaikulu chonchi anali asanaipezepo. Masiku anayamba kutha, zitseko zili theka.

"Alamu," anatero mlamu uja, "tichotse chivindikirochi sabata ino yokha. Tikamaliza tibwezeretsa. Aone ndani?"

Tisanamizane, mtima unafuna. A Zalazitatu anayang'ana mulu wa matabwa osacheka, mpaka anatenga sipanala. Anaima nayo pa machekawo kanthawi ndithu. Kenako anaibwezera m'bokosi.

"Alamu, mukapita kunyumba ndi dzanja ngati langali, achemwali anga ndikawauza kuti chiyani? Kuti tinkathamangira zitseko?"

Mwini zitseko uja atabwera anakalipa kwambiri. "Mumagwira ntchito ngati nkhono!" Anatenga zitseko zimene zinatha, zotsalazo n'kukapereka kushedi ina. Mwezi umenewo unawawa, moti ngakhale akazi a Bambo Zalazitatu nthabwala zinawathera.

Komatu nkhani ilibe miyendo koma imayenda. Mlamu uja anakauza akazi ake modandaula, akaziwo m'malo modandaula nawo anakafotokozera anzawo kumsika. Pasanapite nthawi, akazi a amisiri a m'mashedi ena anayamba kuvutitsa amuna awo. Wina akuti anachita kuwaperekeza amuna ake mpaka pageti pa a Zalazitatu, n'kuwakankha kumsana.

"Lowani mukafunse ntchito. Ine ndatopa n'kudzidzimuka foni ikalira masana."

Umu ndi mmene amisiri odziwa ntchito anadzazira shedi ija. Manja atachuluka, ntchito inayamba kutha msanga popanda womasula chilichonse, ndipo ofuna zitseko anayamba kuchita kudikirana. Munthu wa nyumba za lendi uja sanabwerenso, koma palibe amene anamusowa.

Ndiye inu abwana, tsiku lina ntchito idzakupanikizani, ndipo wina adzakunong'onezani kuti "sabata ino yokha." Musadzamvere. Kasitomala akakwiya n'kupita, kumabwera wina, koma wantchito wanuyo kwawo alipo mmodzi yekha ndipo akumudikira. Mwezi ukawawa chifukwa mwateteza anthu anu, limbani mtima, musabwerere m'mbuyo.