Ezron Njobvu ndi Achule a ku Dambo la Palabana

Ezron Njobvu anachoka ku Petauke ali mnyamata, nakhazikika kufupi ndi Palabana, komwe wakhala akuumba njerwa zaka makumi atatu. Kwawo ankadziwa chule wamkulu wodyedwa, wokhala ndi kadontho koyera pakhutu. Mvula ikagwa, anthu ankadzaza nawo madengu, koma chaka chotsatira ankabwera ochuluka chimodzimodzi.

Tsiku lina akukumba dothi m'dambo, khasu lake linafukula chule wofanana ndi uja, koma wamkulu ngati mbale, wopanda kadontho. Anapita naye kunyumba. Mkazi wake Fyness anakanitsitsa kuti chinthu chimenecho sichilowa mumphika wake, choncho Ezron anakamubweza.

M'mwezi wa Januwale mvula inadula milungu iwiri. Ezron anapeza chule wotere atakhala m'thamanda lomwe linkauma, mbululu zili yakaliyakali m'matope. Chuleyo ankakankha matope ndi miyendo yakumbuyo, kukumba kangalande kopita kumadzi akuya. Ezron anaika khasu pansi naonerera mpaka madzi analowa, mbululu n'kuyamba kusambira. Kuyambira pamenepo sanakumbenso mbali imeneyo, ngakhale dothi lake linali labwino kuposa lonse.

Patapita zaka kunabwera Clarissa, mtsikana wophunzira za nyama ku Lusaka, ndipo anthu anamulozera kwa Ezron. Iye anafotokoza kuti chule wa ku Petauke uja ndi wa m'damboli ndi pachibale, ndipo onse awiri sanalembedwe m'mabuku kuti ali pangozi yoti atha. Komabe wamkulu wopanda kadonthoyu amachedwa kukula, amaswana m'mathamanda osaya okha, ndipo kufupi ndi matauni akuchepa.

“Mabuku sanafike kuno, mwananga,” anatero Ezron. “Kale nikayenda m'dambo muno ninali kupeza achule amuna khumi alonda ana. Lomba nipeza atatu.”

Clarissa analemba mawuwo m'kope lake.

Dambolo tsopano analidula mapuloti, ndipo nyumba zambiri zazungulira, zina zomangidwa ndi njerwa za Ezron yemweyo. Zimenezi sazibisa, ndipo zimamuwawa. Mwini puloti yakumunsi atafuna kukwirira thamanda lija, Ezron anapita kwa iye katatu, osakweza mawu, mpaka munthuyo anavomera kusuntha mpanda mapazi makumi awiri.

Msana ukumuvuta masiku ano, moti njerwa amaumba zochepa. Dzinja lapitali anawerenga amuna anayi. Fyness akuti mwina mmodzi anamuwerenga kawiri.