Kamphika ka Abambo

Lero mnansi wanga wathira kambuzi mu nandolo, ndipo fungo lake lalowa mpaka m'chipinda mwanga.

Kwathu kwa Kanduku, chiperoni chikayamba, amayi ankaphika nandolo wouma wa msuzi wambiri. Wa abambo ankapatulira m'kamphika kakekake n'kuthiramo tsabola wa kambuziyo. Anafe sitinkaloledwa ngakhale kuviikamo chala.

Nkhondo ya ku Mozambique itatha, abambo anawoloka malire kukaona ngati munda wa makolo awo unalipobe. Anati abwera nandolo asanathe m'thumba. Tsiku lililonse amayi ankapatulabe wawo, kamphikako n'kumadikira pambali pa moto. Msuzi ukaphwera ankawonjezera madzi.

Tsiku lina, kuli mvula yowaza, amalume anafika kuchokera ku Zobue, kutsidya kwa malire kuja. Analankhula ndi amayi kuseri kwa khola la mbuzi, motsitsa mawu. Amayi atabwerako anatenga kamphika kaja n'kundiikira patsogolo.

"Idya, msuzi ungazizire."

"Nanga abambo?"

"Idya."

Ndinamwa msuziwo. Unandiwotcha lilime, misozi n'kuyamba kutsika. Amayi anandiyang'ana, nawonso maso ali ofiira ngakhale sanalaweko.

"Ndi tsabola ameneyo," anatero. "Imwa madzi."