Nthambi Imene Ndinadula pa Mtengo wa Atate

Ine ndine munthu waphuma. Tiyi ndimamwa chiimire, ndipo basi ikachedwa kudzaza pa siteji ya ku Silverest ndimatsika n'kukwera ina, kenako yoyamba ija imanyamuka ine ndikadali pompo. Mwamuna wanga anatopa kundinena. Munthu wotere si womusungitsa mtengo, chifukwa mtengo sumva kukalipiridwa.

Koma panalibe wina. Amayi atamwalira, abale tinagwirizana zogulitsa munda wa ku Kanakantapa kuti atate adzakhale kwa ine, kufupi ndi chipatala. Atate sanadandaule za nyumba kapena khola. Anadandaula za mtengo umodzi wa mapeyala umene unali kuseri kwa khitchini. Unamera wokha padzala ife tili ana, ndipo mapeyala ngati amenewo sindinawaonenso kwina: nthanga yaing'ono, mnofu wachikasu wolimba, wopaka pa buledi ngati majarini. Nthanga zake tinabzalapo kangapo, koma mitengo yomerayo inkabereka mapeyala amadzimadzi osakoma.

Alamu anga, akazi a achimwene, amagulitsa mbande za mitengo cha ku Kasisi. Iwo anati njira ilipo, ndiyo kumezanitsa. Anadula kanthambi ka mtengo wa atate, n'kukalumikiza pamwamba pa mbande ya mapeyala wamba, n'kumanga ndi pulasitiki. Katagwira anandibweretsera m'mawa wina ndikuthamangira kuntchito ku Lusaka. Anandilangiza zambiri, chala chili pa kamtengoko. Ine maso anali kumsewu, pakamwa ndikungoti, "Namvela, mulamu, namvela." Sindinamve kanthu.

Tinabzala pafupi ndi mpanda, ndipo atate anaika malamulo awo. Feteleza ayi, mankhwala opopera ayi. Manyowa a mbuzi owola bwino, phulusa lothamangitsira chiswe, ndi udzu wouma wophimbira patsinde, basi. M'mawa uliwonse ankatuluka ndi ndodo kudzanja lina, kandowa kudzanja lina, kukathirira okha.

"Nifuna nilaweko kamodzi chabe, nikalibe kuyenda," anandiuza tsiku lina.

Mawu amenewo anandilanda mtendere. Alamu anali atanena kuti mtengo womezanitsa umabereka pakatha zaka zitatu kapena zinayi, ndipo ine ndinayamba kuwerengera zakazo pa chifuwa cha atate. Akakhosomola, ndinkatuluka kukayang'ana kamtengo. Ndikaweruka ndinkapita komweko nsapato za kuofesi zili kumapazi, kukakayeza ndi tepi yosokera. Ndinkafukula dothi ndi chala kuona ngati mizu ikuyenda. Kangapo ndinafuna kuthira feteleza mobisa, koma ndinkaopa maso a atate.

Mvula itagwa, pulasitiki ija inathothoka, ndipo kamtengo kanaoneka ndi nthambi ziwiri. Ina inali yonenepa, ya masamba akuluakulu obiriwira, ikukula mooneka ndi maso. Inayo inali kanthu kowonda, kopindika, masamba asanu okha. Mtima wanga unati kowondako kakungodya chakudya cha mnzake. Sindinafunse munthu, chikhalirecho nambala ya alamu inali mufoni m'thumba mwangamo. Ndinatenga mpeni wosendera mbatata n'kukadula, n'kukaponya pa mulu wa manyowa.

Mtengo unathamanga. Pomatha zaka ziwiri unali utapitirira mpanda, ndipo atate anasamutsira mpando wawo pansi pake. Ine ndinkaonetsa zithunzi zake kwa anzanga kuntchito, n'kumawaphunzitsa ulimi wopanda mankhwala ngati ndinabadwa nawo.

Loweruka lina alamu anabwera ndi thumba la manyowa, atate atapita kusikelo ya odwala shuga ndi mwamuna wanga. Anagwada patsinde, anakankha udzu, n'kuyamba kusisita khungwa ndi chala. Kenako anandiyang'ana.

"Mulamu, apa munadula chani?"

"Kanthambi kofoka. Kenze kuvutitsa kanzake."

"Mayo ine! Sininakuuzeni kuti vonse vochoka pansi pa pulasitiki muzichosa? Kofoka kaja ndiye kenze ka atate. Aka kamene mwalela ni kotapela chabe ya mumsika, mapeyala wamba."

Anandionetsa chipsera cha polumikiza. Bala la mpeni wanga linali pamwamba pake, ndipo thunthu lonse lonenepalo linachokera m'munsi, ku mbande wamba ija. Safunsa anadya phula. Ndinakhala pansi pomwepo, padothi. Zaka ziwiri za atate ndinali nditazitaya pa mulu wa manyowa ndi dzanja langali.

M'mawa mwake sindinapite kutchalitchi. Ndinakwera basi, kenako ina ya mumsewu wafumbi, ndipo paliponse pamene inaima kukweza matumba a kabichi ndinkafuna kutsika kuti ndithamange wapansi. Nditafika pamunda wathu wakale, ndinaponya maso kuseri kwa khitchini. Mtengo kunalibe. Mayi amene anagula malowo anali ataudula kuti amange makola a nkhuku.

"Pepani, sitinazibe. Koma chitsa chikalipo, yanganani kumbuyo uko," anatero mayiyo.

Chitsacho chinali chitaphuka tinthambi tofiirira m'mbali. Ndinaimbira alamu. Anati popeza mtengo wa atate unamera wokha, chilichonse chophuka pa chitsacho ndi chenicheni. Ulendo uno ndinamvetsera mawu aliwonse, mpaka ndinawabwerezetsa kawiri. Ndinadula tinthambi tinayi, n'kutikulunga m'chitenje chonyowa.

Ndinapeza alamu akundidikira kunyumba ndi sowo. Anati kuyambanso ndi mbande yatsopano ndi zaka zinayi. Njira yachidule inali kudula mtengo waukuluwo m'chiuno, n'kulumikiza tinthambito pa thunthu lake, popeza mizu inali itakhwima kale. Mwina zaka ziwiri zikanakwana. Koma pansi pa mtengowo panali atate, pampando wawo, akutiyang'ana.

Ndinagwada pambali pawo n'kuwauza zonse, osabisa ngakhale mpeni wa mbatata. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, ndipo ndinkakufuna ndithu. Iwo anangoyang'ana m'mwamba, m'masambamo.

"Ndiye kuti masiku yonse aya nenze kuthirira mulendo?"

"Inde, atate."

"Manje ni zaka zingati?"

"Ziwiri. Kapena zitatu."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako analoza sowo imene inali m'manja mwa alamu.

"Mupaseni uyu, apongozi. Ndiye aziba kudula."

Anaseka mpaka kukhosomola, alamu nawonso anaseka, koma ine ndinacheka thunthulo misozi ikugwera pa utuchi. Mtengo utagwa, dzuwa linawaomba atate kumaso, chifukwa pabwalo ponse mthunzi unali womwewo. Sanasunthe mpando. Anaonerera alamu akung'amba khungwa, akulowetsa tinthambi tija, akumanga. Ine ndikukoka nthambi zodulidwazo kupita nazo kuseri, ndinawamva akufunsa alamu motsitsa mawu, kuti ine ndisamve, ngati zaka ziwirizo sizingachepeko pang'ono.